Ndagula ndine, koma kiyi ali ku Dallas

Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi kuno ku hostel amaphunzira masamu, ndipo ali ndi calculator ya mtundu wa TI-83 Plus imene malume ake anamutumizira kuchokera kunja. Ndi yakale ndithu, zilembo za pa mabatani ena zinafufutika, koma imagwirabe ntchito. Musaganize za ija ya Casio imene tonse tinalowa nayo m'mayeso a MSCE. Iyi ili ndi sikirini yojambula magirafu, ndipo munthu atha kuikamo mapulogalamu. Mwini wake woyamba anasiyamo kasewero kena, ndipo ukagonja kamalemba mawu akuti GAME OVER.

Loweruka lina madzulo ndinangonena mocheza kuti kaseweroka kakhala pa Malawi pano nthawi yokwanira, bwanji kosaphunzira Chichewa? Mnzangayo sanaseke. Anatenga chingwe n'kusamutsira fayilo ya seweroli pa laputopu, kenaka anaitsegula ndi pulogalamu yotchedwa hex editor. Chimene chinaoneka chinali mizere ya manambala ndi zilembo zosamveka mutu wake. Tinasakasaka mpaka tinapeza malo olembedwa 47 41 4D 45 20 4F 56 45 52. Amenewo ndiwo mawu aja, GAME OVER, momwe makina amawasungira. Pamodzi ndi mpata wa pakati, ndi malo 9. Tinayamba kuwerenga ndi zala mawu a Chichewa okwana malo 9, ndipo tinapeza WALEPHERA. Anasintha manambalawo, nakonzanso manambala awiri a kumapeto kwa fayilo amene amatsimikizira kuti fayiloyo sinaonongeke panjira, n'kubwezera seweroli mu calculator. Ndinasewera moipa dala kuti ndione. Makina opangidwa ndi kampani ya ku Texas anandiuza m'chilankhulo cha amayi anga kuti ndalephera, ndipo ndinasangalala.

Tsiku lotsatira ndinafotokozera anzanga ena ku cafeteria. Mmodzi, amene akuphunzira zamalamulo, anandiyang'ana ngati ndaulula mlandu. Anati zimenezo ndi kuthyola, ndipo kuthyola ndi kuba basi. Ndalemba nkhani ino chifukwa cha mawu amenewo, pakuti ndikudziwa kuti si iye yekha amene amaganiza choncho. Ine ndikuti munthu amene wagula chipangizo ali ndi ufulu wochitsegula, kuchiwerenga ndi kuchisintha. Ndikutinso kampani ya Texas Instruments inalakwitsa pamene inatsekera anthu ufulu umenewu mu 2020, ndipo ife amene timalandira zipangizo zimene ena anazitaya ndi amene tiyenera kukwiya kwambiri ndi mchitidwe wotere.

Choyamba timvetsetse chimene tinachita usiku uja, chifukwa ambiri amaopa zinthu zimenezi posadziwa mmene zimayendera. Mkati mwa TI-83 Plus muli kachipangizo koyendetsa zonse ka mtundu wa Z80, kamene kampani ya Zilog inatulutsa koyamba mu 1976. Kachipangizoka sikamva Chingerezi kapena Chichewa, kamangomva manambala. Wolemba pulogalamu amalemba malangizo ake m'chilankhulo chotchedwa assembly, momwe lamulo lililonse limakhala ndi dzina lalifupi, ndipo amaikamo ndemanga zomukumbutsa chimene gawo lililonse limachita. Akamaliza, pulogalamu ina imasandutsa zonsezo kukhala manambala okhaokha. Mayina ndi ndemanga zija zimatsala pa kompyuta ya wolembayo. Chimene chimafika kwa ife ndi nsima yophika kale, ndipo palibe angaibwezere kukhala ufa.

Komabe manambalawo ali ndi tanthauzo lokhazikika, ndipo aliyense wodekha atha kuwaphunzira. Pa Z80, nambala ya 00 imauza makina kuti asachite kanthu, angopitirira. C9 imawauza kubwerera kumene anachokera. 28 imawauza kudumphira kwina ngati yankho lomwe langopezeka ndi ziro, pamene 20 imawauza kudumpha ngati yankholo si ziro. Ukasintha 28 kukhala 20, watembenuza chiweruzo chonse cha pamalopo: pamene sewero limati wafa lidzati uli moyo. Chifukwa chimene tinafunira mawu a zilembo 9 n'chakuti malangizo ambiri amaloza malo enieni mkati mwa pulogalamu, monga keyala ya nyumba. Ukawonjezera chilembo chimodzi pakati, zonse za kutsogolo zimasuntha, makeyala aja n'kuyamba kuloza malo olakwika, ndipo calculator imauma kapena kufufuta zonse zimene zinali mu RAM. Ntchito yake ndi yofuna kuwerenga mosamala ndi kulemekeza zimene wina analemba. Ife a humanities timachita zofanana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku tikagwira chikalata chakale chimene mlembi wake anamwalira kalekale ndipo sitingamufunse chimene ankatanthauza.

Tsopano mbiri yake, pakuti ndi imene ikuonetsa chinyengo cha kampaniyi. Texas Instruments inatulutsa calculator yake yoyamba yojambula magirafu, TI-81, mu 1990, kenaka TI-85 mu 1992. Makinawa sankalola mapulogalamu a assembly. Achinyamata okonda makina ndi amene anazindikira kuti akasintha pang'ono fayilo yosungira zinthu za mu TI-85 asanaibwezeremo, calculator imayendetsa malangizo awo. Anapanga pulogalamu yotchedwa ZShell, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1990 masewero ndi mapulogalamu ena zinayamba kufalikira. Kampani sinawatengere kukhoti. Inaona kuti ana asukulu akukonda makina ake chifukwa cha zimenezi, ndipo inatsegula chitseko yokha. Pofika pa TI-83 Plus ya mu 1999, lamulo loyendetsera mapulogalamu a assembly linali m'kati mwa calculator momwemo, loikidwa ndi kampani. Tsamba la ticalc.org, lomwe linayamba mu 1996, linadzaza ndi mapulogalamu ambirimbiri olembedwa mwaulere ndi ana a sekondale ndi a ku yunivesite. Kwa zaka zoposa 20 kampani inadyera pa thukuta limeneli. Makina a sikirini ya timadontho 96 m'litali ndi 64 m'lifupi, okhala ndi malo ogwirira ntchito a makilobayiti 24 okha, anapitirira kugulitsidwa pa mtengo wa pafupifupi madola 100 ngakhale pamene mafoni amphamvu kuposa iwo kutalitali anali atatchipa.

Chizindikiro choyamba chakuti ubwenziwu unali wa pakamwa chabe chinaoneka mu 2009. Kampaniyi imasindikiza chidindo cha masamu pa pulogalamu yaikulu yoyendetsa calculator, kuti makina azikana pulogalamu yaikulu ina iliyonse yopanda chidindocho. Chidindo cha TI-83 Plus chinadalira nambala yaikulu ya mabiti 512 imene ndi zotsatira za kuchulukitsa manambala awiri obisika. Chaka chimenecho munthu wina wokonda makinawa anasiya kompyuta yake wamba ikuwerengera kwa miyezi yoposa iwiri mpaka inapeza manambala awiriwo, ndipo anawalengeza. Ena anagwirizana n'kupeza a mitundu ina ya macalculator. Tanthauzo lake linali lakuti mwini calculator akanatha kuikamo pulogalamu yaikulu yolemba yekha. Kampani inayankha ndi makalata oopseza, kulamula anthu kuti achotse manambalawo pa masamba awo potengera lamulo la ku America la mu 1998 lotchedwa Digital Millennium Copyright Act. Bungwe la Electronic Frontier Foundation linaimira ena mwa anthu oopsezedwawo mu October 2009. Mfundo yake inali yosavuta: pulogalamu ya kampaniyo inkapezeka kale mwaulere pa tsamba la kampani yomweyo, ndiye manambalawo sankathandiza munthu kuba kanthu. Ankangolola munthu kuyendetsa zake pa makina ake. Taganizani: kampani yogulitsa zida zophunzirira masamu kuopseza anthu chifukwa apeza yankho la samu.

Kenaka 2020. Mu May chaka chimenecho kunatuluka pulogalamu yaikulu yatsopano, 5.5.1, ya TI-83 Premium CE, calculator yogulitsidwa ku France, ndipo patangopita nthawi yochepa kusintha komweko kunafika pa TI-84 Plus CE. Kusinthaku kunachotsa mphamvu yoyendetsa mapulogalamu a assembly ndi a C, ndipo amene waika pulogalamu yatsopanoyo sakanatha kubwereranso ku yakale. Munthu anagula makina otha kuchita chinthu, n'kudzuka m'mawa makina omwewo, ali m'chikwama chake momwemo, sakuthanso. Ndalama yake sanamubwezere ngakhale tambala. Kukanakhala kuti wogulitsa njinga wabwera usiku kudzachotsa keliyala pa njinga imene unagula chaka chatha, ponena kuti ena amanyamulirapo katundu wakuba, palibe akanavutika kupeza dzina la mchitidwe umenewo.

Chifukwa chimene kampani inapereka chinali kuteteza mayeso. Apa ndiyenera kuchita chilungamo, chifukwa nkhawayi si yongopeka. Macalculator amenewa ali ndi njira yotsekera zinthu zonse zosungidwamo pa nthawi ya mayeso, ndipo pulogalamu ya assembly, popeza imalankhula ndi makina mwachindunji, itha kunamiza woyang'anira mayeso kuti zonse zatsekedwa pomwe sizinatsekedwe. Mphunzitsi amene wagwira ntchito chaka chonse ali ndi ufulu wofuna kuti zotsatira za ana ake zikhale zoona. Wophunzira wachilungamo amapwetekedwa mnzake akabera. Zimenezi sindikutsutsa.

Chimene ndikutsutsa ndi mankhwala ake. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo ankatanthauza kuti munthu wanzeru amaganizira mkhatewo asanaponye mwala. Texas Instruments inaponya mwala. Mayeso amatenga maola awiri kapena atatu, koma chiletsocho chimagwira masiku 365 a chaka, kunyumba, pa holide, ngakhale kwa munthu amene anamaliza sukulu kalekale. Njira zina zinalipo. Sukulu itha kukhala ndi macalculator ake a mayeso okha. Woyang'anira atha kufufuta zonse za mu calculator pakhomo la chipinda cha mayeso. Olemba mayeso atha kufunsa mafunso amene kuloweza kapena kubisa mayankho sikungathandize. Zonsezi zimafuna ndalama kapena khama kuchokera kwa akuluakulu, pamene kutseka makina kumangolanda mwana amene alibe pokadandaula. Ife kuno tikudziwa bwino kuti kubera mayeso sikunadikire makina. Likasa limalembedwa pa pepala, pa ntchafu, pa rula, ndipo palibe anaganizapo zoletsa mapepala m'dziko muno.

Choseketsa n'chakuti khoswe uja sanafe. Mu September 2020, miyezi yochepa chabe chiletso chitabwera, kunatuluka njira yotchedwa arTIfiCE imene inkadutsira pa chofooka cha pulogalamu ya Cabri Jr., yomwe imapezeka pa macalculator omwewo, n'kubwezeretsa assembly. Ndiye amene watsimikiza mtima kubera ali nayo njira yake. Amene wataya ndi mwana wachidwi uja amene akanangopeza lamulolo pa menyu, n'kudabwa kuti limachita chiyani, n'kuyamba ulendo wophunzira mmene kompyuta imaganizira. Tsopano kuti achite chimene mkulu wake ankachita poyera, ayenera kulowera pawindo m'nyumba yake yomwe, ndipo akuphunzitsidwa kuti chidwi ndi mlandu.

Ena amati kampani inaika Python pa mitundu yatsopano, ndiye ana aphunzirabe kulemba mapulogalamu. Python ndi chilankhulo chabwino, sindikunyoza. Koma pa makina amenewa chimayenda m'khola limene kampani inamanga, ndipo sichifika pa mtima wa makinawo. Uphunzira kupereka malangizo, koma sudzaona chimene chimachitika pansi pake. Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu amene waphunzitsidwa kuyendetsa galimoto ndi amene waloledwa kutsegula boneti. Dziko limafuna onse awiri, koma galimoto ikafa pakati pa msewu usiku timasaka wachiwiriyo. Ndipo matendawa ndi opatsirana. Kampani ya ku France ya NumWorks inatulutsa calculator yake mu 2017 ikunyadira kuti aliyense atha kuwerenga ndi kusintha pulogalamu yake, koma mu 2021 nayonso inamanga zitseko, pa chifukwa chomwecho cha mayeso.

Mnzanga wa zamalamulo uja ali ndi mfundo ina imene ndiyenera kuiyankha. Akuti nanga mnyamata amene analemba kasewero kaja, kodi munamupempha? Sitinamupemphe, ndipo sindikuona kuti tinafunika kutero. Ndikagula buku ndimalemba m'mphepete, ndimadula mizere, nthawi zina ndimamasulira ndime yovuta m'Chichewa pansi pa tsamba. Palibe wolemba buku amene waberedwa ndi pensulo yanga. Kuba kukanayamba tikanachotsa dzina la mlembi m'seweromo, n'kuikamo lathu, n'kuyamba kugawa kapena kugulitsa ngati ntchito yathu. Chimenecho n'cholakwika, ndipo ngakhale pakati pa olemba mapulogalamu a macalculator wochita zotere amanyozeka. Koma kusintha kope langa, pa makina anga, kuti lindithandize ine, ndi nkhani ina. Amene amasakaniza zinthu ziwirizi dala amafuna kuti manyazi oyenera wakuba agwere aliyense wogwira sikuludiraiva.

Ngakhale malamulo a maiko kumene makinawa amachokera akuvomereza pang'onopang'ono. Ku America, zaka zitatu zilizonse boma limaunikanso lamulo la mu 1998 lija n'kupatula zinthu zololedwa. Mu 2010 linalola anthu kumasula mafoni awo kuti aziikamo mapulogalamu amene kampani sinavomereze, ndipo mu 2015 linalola eni galimoto ndi mathirakitala kutsegula mapulogalamu a m'makinawo pofuna kukonza. Mu October 2021 khoti lalikulu la European Union, pa mlandu wa kampani ya Top System ndi boma la Belgium, linagamula kuti amene anagula pulogalamu movomerezeka atha kuimasula kuchoka ku manambala aja pofuna kukonza zolakwika zake. Ndiye pamene ife tikubwereza mwamantha kuti kuthyola ndi kuba, oweruza a kwawo komweko akunena kuti si nthawi zonse.

Mwina mukuti zonsezi ndi za ana a ku America ndi ku France, ife calculator ya madola 100 tiitenga kuti. Taonani zimene zatizungulira. Galimoto zambiri pa misewu yathu zinayamba zagwira ntchito ku Japan, ndipo ambiri takwerapo galimoto imene wailesi yake imalankhula Chijapani mwini wake osamva ngakhale liwu limodzi. Mafoni ambiri amene abale amatitumizira amafika atamangidwa ku kampani ya mafoni ya dziko lina, mpaka mnyamata wa pa kabenchi mumsika awamasule. Malaputopu athu ambiri ndi amene maofesi a kunja anatopa nawo. Ife timakhala kumapeto kwa ulendo wa zipangizo, kumene chitsimikizo cha kampani chinatha kale ndipo sitolo yovomerezeka yokonzera ili kutsidya kwa nyanja. Munthu wa ku Dallas makina ake akamangidwa amagula ena. Ife makina akamangidwa ndiye kuti afa. Ndipo palibe tsiku limene Texas Instruments idzakhale pansi kumasulira calculator yake m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, chifukwa msika wathu sulipira ntchito imeneyo. Ngati zilankhulo zathu zidzalowe m'makina otere, zidzalowa kudzera m'manja mwa munthu wonga mnzanga uja, wokhala ndi hex editor ndi Loweruka laulere. Chitseko chilichonse chimene kampani yatseka pofuna kusangalatsa oyang'anira mayeso a ku Paris chimatsekeranso iyeyo, ngakhale kuti palibe anamuganizira pa msonkhano umene anagamula zimenezo.

Kwa anzanga a humanities amene mukuti izi ndi za a sayansi, funso lenileni pano si la mawaya. Funso ndi lakuti mawu akuti kugula akutanthauza chiyani masiku ano. Kale ukagula khasu linali lako, ukafuna kulisula kukhala chikwanje palibe akanakuletsa. Lero ukulipira mtengo wonse wa chinthu koma ukulandira chilolezo chochigwiritsa ntchito momwe wogulitsa akufunira, ndipo wogulitsayo atha kusintha maganizo chinthucho chili kale m'manja mwako. Amene adzagamule ngati zimenezi ndi zololeka ndi maloya, aphungu, atolankhani ndi aphunzitsi, ndiye kuti ifeyo zaka zikubwerazi. Tikatuluka pa yunivesite pano tikukhulupirira kuti aliyense wotsegula makina ndi mbava, tidzalemba malamulo otsekera m'ndende mnyamata wa pa kabenchi uja, amene ndi yekhayo amatha kuukitsa foni ya agogo anu.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Chipangizo chanu chikakuuzani kuti muike pulogalamu yatsopano, yambani mwafufuza chimene ichotse, osangoona chimene iwonjezere. Mukamagula, funsani ngati chinthucho chimatseguka ndi kukonzeka. Mukamva wina akutchula wokonza mafoni kapena wosintha mapulogalamu kuti ndi wakuba, mufunseni kuti waba chiyani ndipo wabera ndani, ndipo musamusiye mpaka ayankhe. Ndipo amene muli ndi calculator yakale yotere m'kabati, musaitaye. Ipatseni mwana wachidwi pamodzi ndi chingwe chake.

Mnzanga uja tsopano akufuna kumasulira menyu yonse ya kasewero kaja. Wakanirira pa mawu akuti START, chifukwa malo ndi 5 okha. YAMBA ikukwana bwinobwino, koma iye akuti makina sayenera kulamula munthu wamkulu ngati mwana, ayenera kunena kuti YAMBANI. Zilembo ziwiri zowonjezerazo zikutanthauza kuti asamutsire mawuwo kumapeto kwa pulogalamu ndi kusintha keyala imene imawaloza. Wakhala akuwerenga manambala aja kwa masiku atatu tsopano, ndipo palibe mphunzitsi amene anamutuma.